Zitseko zinali zotsegula, alendo ndiwo kunalibe

Pa 1 Epulo 2020 ndege zonyamula anthu zinasiya kutera pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi ndi la Chileka ku Blantyre. Tsiku limenelo boma linali lisanalengeze za munthu ndi mmodzi yemwe wopezeka ndi Covid-19 m'dziko muno. Za atatu oyambawo tinamva mawa lake. Koma kwa eni mahotela ndi maloji mliri unali utafika kale. Unalowera pa imelo ndi pa foni chapakati pa Malichi, pamene makampani okonzera anthu maulendo ku London, ku Frankfurt ndi ku Johannesburg anayamba kulemba kuti alendo amene anasungitsa malo sabweranso. Mabuku amene munali maina mpaka Okutobala anafufutika m'masiku owerengeka.

Nthawi yake inali yoipa zedi. Kwa olandira alendo m'mbali mwa nyanja ndi m'nkhalango, chaka chimayamba mvula ikamakata. Miyezi ya dzinja alendo amachepa, ndipo ndi pamene ndalama zimatuluka: kupenta zipinda, kukonza maboti ndi magalimoto, kusintha maneti ndi matilesi, kusalaza kamsewu kamene madzi akumba. Ambiri amachita izi ndi ngongole, podalira kuti Isitala itsegula njira, kenako kuyambira Meyi mpaka Okutobala alendo azidzangotsatizana. Isitala ya 2020 inali pa 12 Epulo. Zipinda zinali zokonzedwa bwino, ngongole zitatengedwa kale, koma pachipata sipanaime galimoto.

M'bindikiro umene sunachitike

Chimene chinasiyanitsa Malawi ndi maiko ambiri n'chakuti kuno lamulo silinatseke mahotela. Boma la Peter Mutharika linalengeza pa 20 Malichi kuti dziko lili pangozi, linatseka sukulu n'kuletsa misonkhano ya anthu oposa 100. Kenako nduna ya zaumoyo ya nthawiyo, Jappie Mhango, inalengeza m'bindikiro wa masiku 21 woyamba pa 18 Epulo. Mavenda anachita zionetsero, kufunsa kuti adya chiyani akakhala m'nyumba. Bungwe la Human Rights Defenders Coalition linapita kukhoti, ndipo pa 17 Epulo woweruza milandu Kenyatta Nyirenda anapereka chiletso. M'bindikirowo unathera pomwepo.

Kwa mayi wogulitsa masamba ku Limbe chigamulocho chinali mpumulo, ndipo ine ndimachiona kuti chinali cholondola. Kwa mwini loji ku Senga Bay sichinasinthe kanthu. Iye anali ndi ufulu wonse wotsegula, koma amene anayenera kudzagona m'zipinda zake anatsekeredwa kwawo, kutali kumene makhoti athu safika. Ndipo popeza palibe lamulo limene linamutseka, panalibenso amene anali ndi udindo womupepesa. Ku South Africa, kumene m'bindikiro unayamba pa 27 Malichi, thumba la inshulansi ya anthu otha ntchito la UIF linkapereka kangachepe kwa ogwira ntchito amene anakhala pakhomo. Ku Britain boma linkalipira magawo 80 pa 100 alionse a malipiro a anthu otere. Kuno tilibe inshulansi ya munthu wotha ntchito.

Loji yopanda alendo sisiya kudya ndalama. Alonda ayenera kukhalapo usiku uliwonse, mwinanso ochulukirapo, chifukwa malo opanda anthu amakopa akuba. Bilu ya Escom imabwera. Damu losambira likasiyidwa sabata ziwiri limabiriwira, pampu ikakhala osazungulira imachita dzimbiri, chiswe ndi mleme zimalowa m'denga. Mwini amakakamizika kusunga anthu angapo oti azitsegula mawindo, kuyatsa mafiriji ndi kulizitsa injini za maboti, ngakhale kuti m'kabati simukulowa tambala.

Boma linayesa zimene linayesa. Kumayambiriro kwa Epulo linalengeza kuti laimitsa kaye msonkho wapadera wa zokopa alendo, uja wa kwacha imodzi pa K100 iliyonse imene mlendo walipira. Banki yaikulu ya Reserve inagwirizana ndi mabanki kuti angongole apume miyezi itatu. Koma msonkho umenewo umachokera pa bilu ya mlendo, choncho pamene panalibe mlendo kuuchotsa sikunabweze ndalama m'thumba la munthu. Miyezi itatu yoyambayo inatha ndege zisanayambe n'kuuluka komwe. Thandizo la K35,000 pamwezi limene linalonjezedwa kwa mabanja ovutika linali la m'mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba, ndiponso linachedwa kuyamba. Chembe, Nkhata Bay, Chintheche, Likoma ndi Likhubula, kumene mabanja ambiri amadya za alendo, si mizinda.

Mlendo wa kamera ndi mlendo wa wekishopu

Tikamanena zokopa alendo, ambiri timaganiza za mzungu wa chikwama kumsana ndi kamera pakhosi. Iyeyo alipo, ndipo ndi amene amadyetsa maloji a m'nkhalango za Liwonde, Majete, Nkhotakota ndi Nyika, ndi a pazilumba. Amalipira m'madola, amasungitsa malo miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka ulendo usanafike. Pambali pake pali magulu a mipingo, ana asukulu ndi ophunzira udokotala, makamaka ochokera ku Scotland, amene amabwera kudzagwira ntchito yongodzipereka n'kutsiriza ulendo wawo ndi masiku angapo kunyanja.

Koma mahotela akuluakulu a m'tauni ndi ambiri a ku Mangochi ndi ku Salima amadalira mlendo wina: wa msonkhano. Unduna ukafuna kuunika ndondomeko, bungwe likafuna kuphunzitsa anthu ake, kampani ikakhala ndi msonkhano wa pachaka, amabwereka holo, amalipira tiyi wa 10 koloko, nkhomaliro, tiyi wa madzulo, madzi a m'mabotolo ndi zipinda. Wekishopu imodzi ya masiku atatu imatha kulipira antchito a loji yaing'ono mwezi wathunthu. Loweruka holo yomweyo mumalowa ukwati kapena chinkhoswe.

Mliri unachotsa alendo onse awiri nthawi imodzi. Wa kamera anatsekeredwa ndi malire. Wa wekishopu anauzidwa ndi likulu la bungwe lake kuti azichita misonkhano pa Zoom ali kunyumba. Kampeni ya chisankho chobwereza cha pa 23 Juni inayendetsako anthu, ndipo maresitihausi a m'maboma anaonako andale, atolankhani ndi oyendetsa chisankho, koma izi zinangodutsa. Mu Ogasiti boma latsopano la Lazarus Chakwera linakhwimitsa malamulo: masiki pagulu, mabala kutsegula 2 koloko masana n'kutseka 8 koloko usiku, misonkhano ya anthu osaposa 10, ngakhale chiwerengerochi chinakwezedwa mipingo itadandaula. Holo zikuluzikulu ngati za Bingu International Convention Centre zinakhala zopanda ntchito. Sunbird, kampani imene boma lili ndi magawo oposa 70 pa 100 alionse, imene ili ndi Mount Soche, Capital, Nkopola, Ku Chawe ndi mahotela ena, inamenyedwa kawiri, chifukwa imaphikiranso ndege chakudya. Inapanga phindu mu 2019, koma mabuku a 2020 inatseka italuza. Ngati zinatero kwa kampani yoti ili pamsika wa masheya, ganizirani za munthu wa zipinda zisanu ndi zitatu ku Kande.

Amene anasenza katundu

Njira zimene eni malo anatsata zinali zofanana pafupifupi kulikonse. Hotela yaikulu inkatseka mbali imodzi ya nyumba, n'kusonkhanitsa alendo ochepa amene analipo pamalo amodzi kuti magetsi ndi madzi zisawonongeke. Pakhomo panabwera ndowa ya mpopi, sopo, sanitaiza ndi kachida koyezera kutentha kwa thupi pachipumi. Chakudya chodzitengera wekha patebulo lalitali chinatha. Woperekera ndiye ankakupakulira. Makhichini amene ankaphikira anthu a masuti anayamba kulongedza chakudya m'timabokosi n'kutumiza ndi akabaza a njinga zamoto kumaofesi ndi kumakomo. Malo ena anasanduka mobindikiramo anthu obwera kuchokera kunja, ena anabwereketsa zipinda pamwezi ngati nyumba za lendi. Amene anali ndi kangachepe kosunga anagwiritsa ntchito nthawiyo kukonza nyumba, ndipo Sunbird inapitiriza kumanga hotela yake ya Waterfront ku Salima, imene inatsegulidwa mu 2021.

Zonsezi zinathandiza pang'ono. Chimene chinasunga mabizinesi ambiri, tikanena zoona, ndi kudula malipiro. Oyamba kupita anali aganyu, aja amaitanidwa kukakhala ukwati kapena msonkhano waukulu. Iwo sanachite kuchotsedwa, foni inangosiya kulira. Otsatira anali a kontilakiti ya nyengo. Olembedwa ntchito yokhazikika anauzidwa kuti atenge tchuthi chawo chonse, kenako tchuthi chosalipidwa, kapena azisinthana, sabata ziwiri kuntchito sabata ziwiri kunyumba, pa theka la malipiro. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma chaka chimenecho anali K35,000 pamwezi, ndipo ambiri oyala mabedi, ochapa, osamalira maluwa ndi otsuka mbale sanali kutali ndi pamenepo. Woperekera zakudya amadalira kwambiri kandalama kamene mlendo amasiya patebulo pothokoza, ndipo kameneko sikalembedwa paliponse, kotero kutha kwake sikunawerengedwe ndi aliyense.

Sindikufuna kunena kuti eni malo onse anali ouma mtima. Alipo amene anagulitsa galimoto kuti antchito alandireko kanthu, amene ankagawa ufa, nyemba ndi sopo mwezi ndi mwezi, amene analembera alendo awo akale kunja kupempha thandizo la antchito, ndipo alendowo anatumizadi. Koma zimenezi zinkadalira mtima wa bwana. Wogwira ntchito pa loji iyi ankalandira thumba la ufa, mnzake wa loji yoyandikana nayo ankangouzidwa kuti adzaitanidwa zinthu zikadzakhala bwino.

Kunja kwa mpanda kunali anthu ochuluka kuposa a m'kati, ndipo za iwowa sizimanenedwa mokwanira. Ku Chembe, m'mudzi umene uli m'kati mwa Lake Malawi National Park, malo amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984, anyamata ambiri amadya popalasa alendo kupita ku chilumba cha Thumbi kukaona mbuna ndi kuponyera nkhwazi nsomba. Ku Likhubula ndi m'midzi ina ya m'tsinde mwa phiri la Mulanje kuli operekeza alendo ndi onyamula katundu, amene amadikira mwa ndandanda kuti nthawi yawo ikwane yokwera ku Chambe kapena ku Sapitwa. Kuli osema ziboliboli a m'mbali mwa msewu ku Senga Bay ndi ku Nkhata Bay, amayi operekera tomato, mazira ndi nkhuku kukhichini ya loji, msodzi amene amasungira shefu chambo ndi kampango zikuluzikulu chifukwa kumeneko mtengo wake ndi wabwino, oimba a bandi ya Lachisanu usiku, oyendetsa mataxi a ku bwalo la ndege. Palibe mwa amenewa amene ali ndi kalata ya ntchito. Ambiri a kunyanja anabwerera ku ukonde ndi kuwedza usipa, m'nyanja imene asodzi anali ochuluka kale. Ena a kuphiri analowa m'tchire kukatema mitengo ndi kuotcha makala. Ndikovuta kumuweruza munthu wotero, koma n'zoonanso kuti ankadula chinthu chimene alendo amadzaona.

Pa nthawi yomweyo mabasi anayamba kutsitsa anthu pachipata cha Mwanza. Amalawi ambiri ku Cape Town, ku Johannesburg ndi ku Durban amagwira ntchito m'malo odyera, m'maloji ndi m'nyumba za alendo, ndipo m'bindikiro wa kumeneko, umene unaletsa ngakhale kugulitsa mowa, unawasiya opanda ntchito ndi ndalama ya lendi. Dziko likukumbukira anthu oposa 400 amene anathawa pa Kamuzu Stadium kumapeto kwa Meyi 2020 akudikira zotsatira za kuyezedwa, ndipo ambiri tinawadzudzula. Ochepa anafunsa kuti anthuwo ankabwerera ku chiyani. M'maboma ngati Mangochi, Nkhata Bay ndi Mzimba, banja limodzi linkatha kukhala ndi mwana wina wochotsedwa pa loji ya pafupi, wina wotsika basi kuchokera ku Joni ali chimanjamanja.

M'nkhalango zimene zili m'manja mwa African Parks, Majete kuyambira 2003, Liwonde ndi Nkhotakota kuyambira 2015, alonda a nyama anapitiriza kulondera chifukwa ndalama zambiri zoyendetsera malowo zimachokera kwa abwenzi akufuna kwabwino. Mu Julayi 2021, mliri uli m'kati, mimbulu 14 inabweretsedwa ku Liwonde ndi ku Majete. Nyama zinatetezeka kuposa anthu amene amaoneretsa nyamazo.

Mlendo wa pakhomo pano

Pamene zinaonekeratu kuti akunja sabwera msanga, maso onse anatembenukira kwa Mmalawi. Unduna wa zokopa alendo, umene nduna yake kuyambira Julayi 2020 inali Michael Usi, unalimbikitsa uthenga wakuti "Tidziyamba ndife Amalawi". Maloji amene mitengo yawo inkalembedwa m'madola okhaokha anatulutsa mitengo ya makwacha, yotsika kwambiri, ndipo anaiika pa Facebook ndi pa WhatsApp m'malo moitumiza kwa maejenti a kunja. Malo amene munthu wa ku Area 25 kapena ku Chilomoni ankangowaona pa kalendala anayamba kulandira mabanja a kuno. Ambiri anaona njovu ya ku Liwonde koyamba m'miyezi imeneyi, ngakhale kuti akhala akudutsa pa mlatho wa Shire moyo wawo wonse.

Apa mpamene eni malo anaphunzira zambiri, chifukwa mlendo wa kuno ali ndi makhalidwe ake. Sasungitsa malo chaka chisanafike. Amaimba foni Lachinayi kufunsa ngati mawa kuli chipinda. Amafuna kulipira pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Sabwera awiriawiri, amabwera ndi ana, mlamu, mwina ndi agogo, choncho amafunsa za chipinda chachikulu ndi matilesi owonjezera. Kukhichini amafunsa nsima, chambo chootcha, nkhuku yachikuda ndi masamba otendera, ndipo shefu amene anazolowera kuphika mbale zing'onozing'ono zinayi zotsatizana anayenera kubwerera ku mthiko. Ambiri safuna kugona n'komwe, amafuna kulipira pachipata, kusambira, kuotcha nyama n'kubwerera madzulo. Amakonda nyimbo. Loji imene inamangidwa kuti mlendo azimva mafunde okha inayenera kusankha pakati pa bata lake ndi ndalama ya malipiro. Masiku ake ndi odziwika: Isitala, Khirisimasi, chaka chatsopano, ndi tsiku la anakubala pa 15 Okutobala, pamene magombe a Salima ndi Mangochi amadzaza mpaka kusowa poponda.

Palinso chinthu china chimene chinasintha, chimene sichilembedwa m'malipoti. Amalawi ambiri amadziwa mmene zimakhalira kufika pachipata cha loji ya kwanu komwe n'kufunsidwa ndi mlonda kuti mukufuna ndani, pamene wa khungu loyera amene ali pambuyo panu akumutsegulira asananene kanthu. Amadziwa kudikira patebulo woperekera akuthamangira kwina. Si malo onse amene ankatero, koma ankatero ndi okwanira kuti mbiriyo imveke. M'miyezi ya mliri munthu yemweyo ankalandiridwa ndi manja awiri, kunyamuliridwa chikwama, kufunsidwa ngati anagona bwino. Ulemu umenewu unali woyenera kuyambira kale. Chimene chimandiwawa n'chakuti panafunika mliri kuti uoneke, ndipo m'malo ena unayamba kuzilala ndege zitangobwerera. Mmalawi si therere loti lizikumbukiridwa tsiku limene nyama yasowa.

Komabe tisanamizane kuti mlendo wa kuno akanatha kulowa m'malo mwa onse amene anasowa. Amabwera Lachisanu n'kuchoka Lamulungu, ndipo kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi zipinda zimakhala zopanda anthu. Amene angakwanitse kugona ku loji ndi kagulu kochepa ka olandira malipiro abwino m'mizinda, pamodzi ndi akunja okhala konkuno amene analephera kupita kwawo kutchuthi. Amalipira makwacha, pamene zipangizo za jenereta, injini za boti, vinyo ndi mankhwala a m'damu losambira zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Sagula chiboliboli cha mvuu, sakwera phiri masiku anayi ndi onyamula katundu awiri. Mtengo wotsikawo unkangokwanira kulipira antchito ochepa ndi magetsi. Unasunga zitseko zotsegula, ndipo pa nthawi imeneyo chimenecho chinali chachikulu.

Mndandanda wofiira

Bwalo la ndege la Kamuzu linatsegulidwanso pa 1 Sepitembala 2020, ndipo wolowa ankayenera kuonetsa kalata yakuti wayezedwa ndipo alibe kachilombo. Ambiri anaganiza kuti chaka cha 2021 chibweza zimene zinatayika. Koma kutsegula khomo lako sikutsegula la mnzako. Mu Januwale 2021 mliri unabweranso mwaukali umene tinali tisanauone. Pa 12 Januwale tinataya nduna ziwiri tsiku limodzi, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama. Bingu National Stadium ndi nyumba ya boma ya ku Zomba zinasanduka zipatala. Kunabwera lamulo loletsa kuyenda kuyambira 9 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa, ndipo misonkhano inatsitsidwa kufika pa anthu 50. Ngakhale mlendo wa kuno uja anakhala pakhomo, ambiri ali pa maliro.

Mwezi womwewo, pa 9 Januwale, Britain inatseka khomo kwa anthu ochokera m'maiko a kumwera kwa Africa, Malawi ali m'gulumo. Kuyambira pa 15 Febuluwale nzika ya kumeneko kapena wokhala kumeneko amene wachokera m'dziko loletsedwa chotero, la pa mndandanda umene unkatchedwa wofiira, ankayenera kubindikira m'hotela masiku 10 n'kulipira yekha mapaundi 1,750, ndalama imene mu Ogasiti inakwera kufika pa 2,285. Lamulo limodzi lomwelo linadzaza mahotela a pafupi ndi bwalo la Heathrow n'kukhuthula a ku Nkhata Bay. Linagwiranso Amalawi okhala ku Manchester, ku Leeds ndi ku Glasgow, amene ambiri analephera kubwera kudzaika makolo awo ndipo anaonerera maliro pa foni. Iwowanso ndi alendo a mahotela athu, chifukwa akabwera amagona m'tauni, amachititsa maukwati, amatengera abale kunyanja.

Kuti timvetse kukula kwa vutoli tiyenera kudziwa mmene ulendo wautali umagulidwira. Boma la mlendo likangolangiza anthu ake kuti asapite kudziko lakutilakuti, inshulansi ya paulendo imasiya kugwira ntchito, ndipo kampani yokonza maulendo singamutumize. Ndiye palinso nkhani ya chikole. Alendo a 2020 anali atalipira kale gawo la ndalama, ndipo ndalamayo inali italowa m'penti ndi m'malipiro. Eni maloji ambiri analibe yobweza, choncho anapempha alendo kuti asafafanize ulendo koma ausunthire kutsogolo. Ambiri anavomera. Zotsatira zake zinadzaoneka mu 2022, pamene zipinda zinayamba kudzaza ndi anthu amene analipira pa mtengo wa 2019, ndalama yawo itadyedwa kale, koma ayenera kudyetsedwa ndi kuyendetsedwa pa mitengo ya lero. Wodutsa panja ankaona magalimoto n'kunena kuti bizinesi yabwerera, pamene mwini ankabweza ngongole ndi chakudya.

Malawi anachotsedwa pa mndandanda wofiira pa 11 Okutobala 2021, nyengo yachiwiri ya alendo itatsala pang'ono kutha. Anthu anayamba kusungitsa malo a Khirisimasi. Patangopita masabata asanu ndi awiri, akatswiri a ku South Africa ndi ku Botswana atauza dziko lapansi za mtundu watsopano wa Omicron, Britain inabwezeretsa Malawi pa mndandandawo pa 28 Novembala, ndipo America inatseka khomo kwa maiko asanu ndi atatu mawa lake, ife tili momwemo. Nthawi imeneyo Malawi anali asanalengeze n'komwe kuti wapeza Omicron, pamene maiko ena a ku Ulaya amene anali ataupeza sanatsekeredwe. Chakwera, amene anali wapampando wa SADC, ananena poyera kuti ziletso ziyenera kuchokera pa sayansi osati pa kuopa ndi kusala anthu a mu Africa, ndipo pamenepa analankhula zimene ambiri tinali nazo mumtima. Britain inachotsa chiletsocho pa 15 Disembala, America pa 31 Disembala, atavomereza kuti kachilomboko kanali katafalikira kale kwawo. Kwa iwo anali masabata ochepa. Kwa loji ya kunyanja inali Khirisimasi yonse, komanso chikhulupiriro cha maejenti, amene anayamba kuopa kugulitsa dera lathu podziwa kuti khomo likhoza kutsekedwa usiku umodzi.

Kumayambiriro kwa chaka chomwecho dziko linamva za K6.2 biliyoni ya Covid-19, imene kafukufuku wa boma anapeza kuti gawo lina linathera m'maalawansi ndi m'zogula zosalongosoka, mpaka nduna ya zantchito Ken Kandodo inachotsedwa mu Epulo 2021. Woyala mabedi amene anali atakhala pakhomo chaka chathunthu anamva nkhani imeneyi pa wailesi ngati wina aliyense.

Alendo anabwerera, anthu ena ayi

Ziletso zitatha, mavuto ena anali akudikira. Kwacha inagwa ndi magawo 25 pa 100 alionse mu Meyi 2022 ndi 44 mu Novembala 2023. Kunabwera kolera, mizere ya mafuta, namondwe Freddy mu Malichi 2023, ndipo mu 2024 nyanja inakwera mpaka kulowa m'zipinda za maloji ena ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhata Bay. Panalinso zolimbikitsa: mu Febuluwale 2024 boma linachotsa viza kwa nzika za maiko 79, ndipo chaka chomwecho chikondwerero cha Lake of Stars, chimene chinaima kuyambira 2020, chinachitikanso ku Nkhotakota. Misonkhano inabwerera m'maholo, ngakhale mabungwe ambiri anazolowera kuti ina azingochitira pa kompyuta.

Chimene sichinabwerere msanga ndi luso. Shefu wabwino, wolandira alendo wodziwa ntchito, woperekeza alendo wodziwa mbalame ndi mitengo ndi maina ake, amatenga zaka kuti apangike, kaya anadzera ku Malawi Institute of Tourism, ku Mzuzu University, kapena anaphunzirira pantchito pomwepo kuyambira pa kutsuka mapoto. Ambiri mwa iwo atakhala pakhomo miyezi yambiri anayamba geni, anagula njinga ya kabaza, anatsegula kamalo kogulitsira chipisi, kapena anabwerera ku Joni malire atatseguka. Ataitanidwa, ena anakana, ndipo chifukwa chawo n'chomveka: anaona kuti ntchito imene anaipatsa zaka khumi inawatula pansi m'sabata imodzi.

Msonkho uja wa kwacha imodzi pa K100 cholinga chake n'kutsatsa dziko lino kwa alendo. Ine ndikuona kuti gawo lina liyenera kusungidwa padera, m'thumba limene boma, eni malo kudzera ku Malawi Tourism Council ndi oimira antchito angaliyang'anire limodzi, loti lizitsegulidwa malire akatsekedwa kapena madzi akalowa m'zipinda. Kudziwa oyenera kulandira sikungavute monga mmene ena amaganizira. Mahotela ndi maloji ovomerezeka ali m'kaundula wa unduna, ndipo antchito awo ali m'mabuku a malipiro. Onyamula katundu a ku Mulanje ali ndi bungwe lawo ndi ndandanda ya maina, chimodzimodzinso operekeza alendo a ku Chembe, ndipo pafupifupi aliyense wa iwo ali ndi nambala ya foni yolandirira ndalama.